Botolo la pa 9 Malichi

Lachisanu pa 18 Julayi 2025, belu lomaliza la teremu litalira, a Umboni anatsala okha mu labu ya sukulu, akupukuta mashelefu amene anali atawapukuta kale m'mawa. Linali tsiku lawo lotsiriza pa ntchito. Maikulosikopu asanu ndi awiri anali atafunditsidwa tinsalu tawo, mabotolo a mankhwala atafola motsata zilembo, sinki itauma gwa. Pa shelefu ya pamwamba, kuseri kwa chigaza cha pulasitiki, panatsala chinthu chimodzi chokha chimene sichinali pa mndandanda wa katundu wa sukulu.

Ahedi anasuzumira pakhomo.

"Aphunzitsi, mukufuna tichite kukutulutsani ndi tsache? Anzanu uko akungoiyang'ana keke, malovu ali chuchuchu."

"Ndikubwera, amayi."

"Nanga chimsuzi chanucho? Chonde musandisiyire. Ana a fomu wani amati munthu akachinunkhiza amakhoza mayeso."

"Si cha sukulu ichi. Eni ake tilipo awiri."

"Ndiye mwini wake winayo munakamuona? Akuti chitulukireni m'chipatala sakulankhula bwinobwino."

A Umboni anapinda kansalu kopukutira kawiri, n'kukapindanso.

"Ndipita mawa."

"Mawa lanulo linayamba mu Epulo," anatero ahedi, n'kubweza chitseko.

Dzina loti Umboni anawapatsa ndi ana a sukulu. Mwana akangoti "ndinamva kuti", iwo ankakweza chala n'kufunsa kuti, "Umboni uli kuti?" Ana omwewo ndi amene anatchanso mphunzitsi wa zachipembedzo dzina loti Pachiyambi, chifukwa funso lililonse, ngakhale lofunsa kumene kwapita choko, ankaliyankha kuyambira pa kulengedwa kwa dziko. Awiriwa anali pachilamu: a Umboni anakwatira mlongo wawo wa a Pachiyambi. Kwa zaka makumi awiri, tiyi wa 10 koloko m'chipinda cha aphunzitsi ankazizira m'makapu awiri pa nkhani imodzimodzi: kodi moyo unayamba bwanji?

A Umboni anakwera pa mpando n'kutsitsa botolo lija ndi manja awiri. Linali lobulungira, lalikulu ngati zibakera ziwiri, ndipo khosi lake lowonda linakwera, n'kupindikira pansi, n'kukweranso, ngati khosi la tsekwe. M'kati munali msuzi wa nyama wosefedwa bwino, wachikasu, woonekera moti munthu akanatha kuwerenga nyuzipepala kudzera mmenemo. Pa kapepala komata pambali panali polembedwa kuti: 9 Malichi 1998.

Tsiku limenelo linali Lolemba. Anawiritsa msuziwo mphindi makumi anayi, m'mabotolo awiri, ana a fomu fili akuona. Msuzi wa m'botolo la khosi loongoka unachita mbuu pa masiku atatu, n'kuyamba kununkha. Wa m'botolo la khosi lopindika unakhala mmene unalili. Kukamwa kwa botololo kunali kotsegula ndipo mpweya unkalowa, koma fumbi, limene limanyamula tizilombo tosaoneka ndi maso, linkatsakamira pa mpindiko. Lamulo linali limodzi: msuzi usadzakhudze pa mpindikopo.

Itatha sabata, a Umboni akufotokozera ana zimene zachitika, a Pachiyambi anaima pakhomo la labu, mabuku ali m'khwapa.

"Zikomo kwambiri, alamu, mwandigwirira ntchito. Ana inu, mwaona? Moyo suyamba wokha. Pamafunika woupereka."

"Taonetsa kuti suyamba wokha m'botolo ili pa sabata imodzi," anayankha a Umboni. "Dziko lili ndi zaka mabiliyoni anayi ndi theka, ndipo kalelo silinali mmene lililimu."

"Ndiye tidikire. Ine changu ndilibe."

Anadikiradi. Chaka chilichonse pa 9 Malichi ankatsitsa botololo, kuliunika pa windo, n'kulemba m'kope la chikuto chobiriwira zimene aona. Aliyense ankawonjezerapo mawu ake n'kusaina. Tsamba la 2003 linati: "Msuzi ukadali woonekera." M'munsi mwake, ndi zilembo zazikulu zopendama: "Zaka zisanu. Alamu akadali pa mzere kudikira chozizwitsa chawo." M'munsi mwakenso, ndi tizilembo toongoka: "Zaka zisanu pa zaka mabiliyoni n'kuphethira kwa diso."

Lamlungu masana mkangano unkasamukira kunyumba kwa a Umboni. Akazi awo, amene ankaimba kwaya kutchalitchi komwe ankapita achimwene awo, ankawasiya awiriwo kuti afuule mpaka mitsempha ya m'khosi itaima. Zikafika poipa ankatenga kasupuni n'kugogoda pa kapu katatu.

"Atambala awiri inu, basi. Wina amwe tiyi, wina apume."

Tsiku lina a Umboni anawafunsa chifukwa chake salowererapo pa mkanganowo. Iwo anaseka. "Ine ndikamamva phokoso lanulo ndili kukhitchini, ndimadziwa kuti nonse muli moyo. Zina zonsezo ndikazifunsa ndikakafika."

Mayiwo anamwalira Lachiwiri pa 21 Ogasiti 2018, ndi matenda a impso. Nthawi inali 4:10 madzulo pamene nesi anatuluka mu wodi n'kuwauza. A Umboni anaima atatsamira khoma, atagwira kachikwama ka mkazi wawo. A Pachiyambi, misozi ili mbwembwembwe, anawagwira paphewa.

"Mudzaonananso, alamu. Sizinathere pano."

Ndipo pakamwa pa a Umboni, pamene panazolowera funso limodzi kwa zaka zonse zija, panatseguka pokha.

"Umboni uli kuti?"

A Pachiyambi anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Munthu amene anali atangotaya mlongo wake yekhayo anawayang'ana kanthawi, kenako anati, "Mwanena zoona, alamu."

Sanayambane. Pa maliro anakhala moyandikana, ndipo kusukulu ankapatsana moni m'mawa uliwonse. Koma kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chimene a Umboni ankanena, kaya cha mvula, kaya cha mafupa akale opezeka m'miyala, yankho linali lomwelo: "Mwanena zoona, alamu." Tiyi ankatha akadali wotentha. Pa 9 Malichi 2019 a Pachiyambi anati atanganidwa ndi kuchonga mayeso, ndipo kumapeto kwa chaka chimenecho anapuma pa ntchito. M'kope lobiriwira munali masamba makumi awiri okhala ndi masaini awiri, ndi asanu ndi awiri okhala ndi saini imodzi.

A Umboni sankafuna kupambana. Sankafunanso kuuzidwa kuti akhululukidwa, poti mawu amenewo munthu waulemu amatha kuwanena ndi pakamwa pokha. Ankafuna chinthu chimodzi: kuti munthu uja awatsutsenso, ngakhale kamodzi, nthawi isanathe.

Loweruka m'mawa anaika botololo m'katoni, n'kulitchinga mbali zonse ndi mapepala a mayeso akale. Khosi lokha ndi limene linatulukira pamwamba. Mu minibasi anakhala pafupi ndi windo, katoni ili pamiyendo, zigongono atazitambasula ngati nkhuku yofungatira. Pambali pawo panakhala mayi wina wonenepa, wanthabwala, atanyamula thumba la kabichi.

"Bambo, ndi mowa wamtundu wanji umenewo? Tilaweko."

"Ndi msuzi, mayi."

"Msuzi? Wa liti?"

"Wa 1998."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kusendeza kabichi wake. "Adalaivala, wina akatsika ndisinthe malo. Kuno kuli akuluakulu."

Anthu anaseka, ndipo a Umboni nawo anamwetulira. Mwina n'chifukwa chake manja awo anali atamasuka pang'ono pamene njinga yamoto inadutsa mwadzidzidzi kutsogolo. Dalaivala anaponda mabuleki. Katoni inapendama n'kugwera pa kabichi wa mayi uja, ndipo a Umboni anaitsomphola msangamsanga, mopitirira muyezo, mpaka inapendamira mbali inayo. Botolo silinasweke. Koma ndi maso awo anaona msuzi ukuthamanga m'khosi, kufika pa mpindiko pamene panagona fumbi la zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, n'kubwerera m'kati.

Anayang'ana wotchi: 10:42. Anatulutsa kope lobiriwira m'thumba la jekete, anavundukula cholembera, anachiika pa mzere. Kenako anachivundikiranso. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito, anaona chinthu n'kusachilemba.

A Pachiyambi ankasungidwa ndi mwana wawo wamkazi, telala wosoka mayunifolomu a sukulu. A Umboni anamupeza pakhonde, akupalasa makina, mapini atatu ali pakamwa. Anawalavulira m'dzanja.

"Ankolo! Mwasochera kapena?"

"Ndabwera, mwana wanga. Ali bwanji?"

"Mwendo ukuyesera. Dzanja lamanja ndiye ayi, sitiroko ija inalitenga. Kulankhula amatha, koma pang'onopang'ono, ndiponso safuna. Adokotala anati tiziwalankhulitsa tsiku ndi tsiku, apo ayi lilime lizolowera kugona. Ndiye ine ndikawafunsa kanthu akuti 'eya'. Abusa akabwera akuti 'ameni'. Basi. Adadi anga omwe aja ankakangana ndi wailesi!" Anasuzumira m'katoni. "Ii, mwabwera nacho chibotolo chija? Anti ankati chimenechi ndiye mkazi wanu wamkulu."

Chipindacho chinali chaching'ono, chaukhondo, chonunkhira mafuta osisitira. A Pachiyambi anali pa mpando wa ndalema pafupi ndi windo, bulangete lili pamiyendo. Anali atawonda, ndipo mbali ya kumanja ya nkhope yawo inali itatsika ngati nsalu yoyanikidwa ndi pegi imodzi. Pa khoma panali chithunzi cha mlongo wawo atavala yunifolomu ya kwaya. A Umboni anali nacho chomwecho kunyumba, koma anachiyang'anabe ngati akuchiona koyamba.

"Alamu."

"A... lamu."

Anatulutsa botolo n'kuliika pa tebulo, pamene dzuwa linkafika. Msuzi unali ukadali woonekera. Maso a a Pachiyambi anapita pomwepo n'kukhazikika, ndipo zala za dzanja lamanzere zinagwedezeka pa bulangete.

"Ndapuma ntchito dzulo. Ndati ndisalisiye m'manja mwa ana."

"Eya."

A Umboni anakhala pa mpando wa thabwa. Mawu amene anawakonza kwa zaka zisanu ndi ziwiri anali pakhosi, koma amene anatuluka anali ena.

"Mukudziwa kuti akatswiri akhala akupeza tizidutswa tina tomangira zamoyo m'miyala yogwa kuchokera kuthambo? Tomwe tili m'thupi mwanumo. Popanda wotiumba. Posachedwapa musowa chonena, alamu."

Anadikira. Kale mawu oterewa akanawadzutsa a Pachiyambi pampando, chala chili m'mwamba. Lero milomo inalimbana kanthawi, n'kutulutsa mawu amodziamodzi.

"Mwa... nena zoona, alamu."

Panja makina osokera anayambanso kulira. A Umboni anakhala mphindi zina makumi awiri, akunena za keke, za ahedi, za denga la labu limene likudontha. Potsanzika analisiya botololo pa tebulo pomwepo. Anauza telala uja kuti akuopa kuyenda nalonso pa minibasi, ndipo zimenezo zinali zoona, koma sizinali zoona zonse.

Lolemba anadzuka 5 koloko monga mwa masiku onse, anasita shati, anamanga tayi, ndipo atafika pa geti m'pamene anakumbukira kuti alibe kopita. Anabwerera n'kuteleka tiyi. Anatsitsa makapu awiri, monga ankachitira m'mawa uliwonse chimwalirireni akazi awo, n'kubweza imodzi.

Ankadziwa zimene zikuchitika m'botolo lija. Kachilombo kamodzi kagawika kukhala tiwiri, tiwiri kukhala tinayi, ndipo pofika Lachiwiri kapena Lachitatu msuzi uchita mbuu. Alamu awo adzaona chinthu chimene anachikana kwa zaka makumi awiri: moyo utaoneka m'botolo limene palibe analigwira. Mwina zimenezo zidzawakwiyitsa. Mwina adzamenya tebulo n'kunena kuti pali chinyengo, ndipo mkangano udzadzuka. Zoona zinalephera kuwalankhulitsa. Mwina kukhala chete kungathe. A Umboni anatsegula kope lobiriwira pa mzere wopanda kanthu uja, anauyang'ana, n'kulitsekanso. Anamva ngati mwana amene wabisa kapepala ka mayankho m'sokosi.

Lachitatu pa 23 Julayi, 8 koloko m'mawa, foni inalira. Anali telala uja.

"Ankolo, chibotolo chanu chija chasintha. Chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga. Adadi akhala akungochiyang'ana kuyambira dzulo masana. Chakudya akana, mankhwala ndachita kuwanyengerera. Ndati ndichichotse, andigwira dzanja. Ine sindikumvetsa. Bwerani."

Anafika 9:15. Msuzi unali utachitadi mbuu, ndipo pamwamba pake panayandama kanthu kopyapyala ngati kangaude. A Pachiyambi anali pampando womwe uja, koma ankaoneka ngati achepa. Pa tebulo panali buledi ndi dzira zosakhudzidwa. Sanadikire moni. Zinkaoneka kuti mawuwo anakhala akuwayeserera kuyambira dzulo.

"Mwa... pambana, alamu. Wayamba... wokha."

A Umboni anawadziwa mawu aulemu a alamu awo; anawamva zaka zisanu ndi ziwiri. Awa sanali amenewo. Munalibe mkwiyo, munalibe kunyoza. Anali mawu a munthu wodwala amene watsamira khoma limodzi moyo wake wonse, ndipo walimva likugwedezeka. Maso awo anachoka pa botolo, n'kupita pa chithunzi cha pa khoma, n'kubwerera pansi.

"Ayi," anatero a Umboni.

Mawuwo anatuluka mokweza moti makina a pakhonde anaima.

"Ayi, alamu. Sunayambe wokha. Taonani apa." Anasendeza tebulo kufupi ndi mpando, n'kuloza pa mpindiko wa khosi. "Mukuona kamzere kachikasu kouma aka? Msuzi unafika apa. Loweruka, 10:42, mu minibasi. Dalaivala anaponda mabuleki, katoni inagwa, ine ndinaitsomphola molakwika. Msuzi unanyambita fumbi n'kubwerera. Tizilombo timeneti tachokera m'fumbi. Makolo ake anali pa mpindikopo kalekale."

A Pachiyambi anayang'ana kamzereko nthawi yaitali.

"Mu... naona?"

"Ndinaona."

"Osa... nena?"

"Osanena. Osalembanso."

"Inu?"

"Ine. Masiku anayi."

A Umboni anatulutsa kope lija, analiika pa bondo, n'kulemba akutchula mokweza: tsiku, nthawi, malo, chifukwa. Tizilembo tinatuluka toongoka. Atafika kumapeto kwa mzere sanatseke kopelo.

"Pali chinanso chimene sindinalembe. 21 Ogasiti 2018, 4:10 madzulo." Anaika cholembera pansi. "Funso lija sindinkakunyozani, alamu. Ndinkapempha. Ndikanakonda mukanakhala nawo m'thumba umboniwo, n'kundipatsa pomwepo. Ndikanaulandira ndi manja awiri. Mpaka lero m'mawa uliwonse ndimatsitsa makapu awiri. Koma funsolo linatuluka ngati la m'kalasi, ndipo inu munali mutataya mlongo wanu. Ndinalakwa."

Telala uja anali ataima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi, osalowa. A Pachiyambi anatseka maso, ndipo a Umboni anadikira mawu atatu aja, okonzeka kuwalandira ngati chilango.

"Ndi... libe," anatero a Pachiyambi.

"Ndikudziwa."

"Ndili ndi... chikhulupiriro. Sichilowa... m'botolo." Anapuma, akusonkhanitsa mpweya. Kenako diso lamanzere linatseguka kwambiri kuposa linzake, ndipo munali kanthu kamene a Umboni anali asanakaonenso chichokereni m'chipatala muja mu 2018. "Ndiye... moyo uwu... wachokera ku moyo."

"M'botolo ili, inde."

"Nanga... woyamba?"

"Sitinadziwebe zonse. Tili ndi zidutswa."

"Zi... dutswa!" Theka la pakamwa linakwera. "Zaka... makumi awiri... ndi zisanu ndi ziwiri. Msuzi wanu... umadikira... minibasi."

"Alamu, zimenezo si..."

"Mlengi wanu... ndi dalaivala."

Telala uja anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. A Umboni anamva kutentha kukukwera m'makutu, kutentha kwakale kuja, ndipo anazindikira kuti aimirira.

"Musasokoneze nkhani ziwiri! Botolo ili silinalonjezepo kupanga moyo. Ndinakuuzani mu 1998, ndinakuuzaninso chaka chilichonse. Dziko lakale linali ndi nyanja zotentha, mphezi, miyala, zaka mamiliyoni mazanamazana..."

"Munali... ko?"

"Inu munaliko?"

"Ndili ndi... Mboni... imene inaliko."

"Ibwere idzasaine m'kope muno!"

"Inasaina... kale. Tayang'anani... dzanja lanulo."

"Dzanja ili lili ndi mafupa ofanana ndi a phiko la mleme. Mufotokoze zimenezo."

"Mmisiri... mmodzi. Telala wanga... amasokanso... malaya ndi siketi... ulusi womwewo."

"Musandilowetsemo ine, adadi," anatero telala uja, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anapita kukhitchini, ndipo posakhalitsa anabwera ndi makapu awiri a tiyi. Palibe anawayang'ana. Mawu a a Pachiyambi ankatuluka movutikira, ena ankathyoka pakati, ena ankasowa mpaka iwo kumenya bulangete ndi dzanja lamanzere. A Umboni sanawathandize kumaliza ngakhale liwu limodzi. Ankadikira mpaka lituluke lonse, kenako n'kulitsutsa. Pakati pa mkanganowo a Pachiyambi anatambasula dzanja, anatenga buledi uja, n'kuyamba kudya osazindikira.

Nthawi itakwana 11 koloko anakodola kope lobiriwira. A Umboni anawagwirira pa bondo n'kuwapatsa cholembera m'dzanja lamanzere. Zinatenga mphindi zinayi. Zilembo zinatuluka zazikulu, zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani, ndipo zinadutsa mizere itatu: "Ndinanena." Pansi pake anasaina.

A Umboni anawerenga, anapukusa mutu, n'kulemba m'munsi mwake: "Sizikutsatira." Anasainanso.

"Msuzi uwu... tautaya," anatero a Pachiyambi. "Lolemba... tiwiritse wina."

"Tiwiritse wina?" A Umboni anaseka pang'ono, akuyang'ana botolo lotuwalo, ndi chithunzi cha pa khoma, ndi dzanja logona pa bulangete lija. "Alamu, tayang'anani mmene tililimu. Zaka zina makumi awiri ife sitidzaziona."

A Pachiyambi anakweza chala cha dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, mpaka chinaima.

"Umboni... uli kuti?"

Anayambiranso. Telala uja anaima pafupi ndi tebulo, anatola kasupuni n'kukayandikitsa pa kapu, monga ankaonera azakhali ake akuchita Lamlungu lililonse iye ali mwana. Anakagwira m'mwamba kanthawi, akumvetsera phokosolo. Kenako anakaika pansi mwakachetechete n'kubwerera ku makina ake, chitseko atachisiya chotsegula. Pa tebulo, pambali pa botolo, tiyi ankazizira m'makapu awiri.